Kapitawo Wakumba Manda a Bambo

Kwa Katunga, 1921

Okondedwa amalume a Damiano,

Landirani moni wa kuno kuchigwa. Tili moyo, ndipo chimanga cha kudimba chamera bwino, kaya adzachidya ndani.

Mukumukumbukira Elisha, kapitawo wa mzungu wa thonje, uja anandikwapula ndi chikoti pagulu? Chaka chino anasanduka m'bale. Ankabwera ndi mchere, kugwada polonjera amayi, kuseka ngakhale nthabwala zozizira za bambo. Nditawachenjeza bambowo kuti fisi akamwetulira tsekani khola, anandiyankha kuti wothawa sukulu ya mishoni nzeru azitenga kuti.

Bambo atamwalira, amalume, ndinaona ndi maso angawa Elisha atavula jekete, ali m'dzenje ndi khasu! Basi, wasanduka mdzukulu wathu, ndipo mukudziwa kuti wokuikira maliro sakanizidwa kanthu.

Dzulo anabwera. Amayi anamuyalira mphasa nati, "Nenani, adzukulu." Anapempha dimba lija kuti bwana wake adzalemo thonje. Amayi anangowomba m'manja movomera.

Ponyamuka anayang'ana kumtondo, komwe mlongo wanga Jesinta ankasinja, nati adzabweranso.

Bwerani msanga, mvula isanagwe.

Ndine mwana wa mlongo wanu, amene palibe wondimvera,
Simoni