Mtedza wanu wa mbewu ndinausinja

Amayi, muli bwanji uko munapitako? Kuno ku Mlonyeni tilipo. Mkazi wa mwana wanu Yohane anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi, mphuno ngati yanu yomweyo. Fodya sanachite bwino, chimanga ndiye chitifikitsa Febuluwale tikasamala.

Nkhani imene ndalembera ndi ya thumba lanu la chalimbana, mtedza waukuluukulu uja munkasunga kudenga kuti ndi mbewu. Munkati munachokera nawo kwanu pokwatiwa, ndipo chaka chilichonse munkapatulako wodzala wina aliyense asanalawe. Chichokereni inu, chaka choyamba ndinaudzala, koma mvula inadula msanga. Unangotsala wokwana ndowa imodzi wamakoko.

Mu Okutobala abambo anadwala malungo. Kuchipatala pa Boma anawapatsa mankhwala, malungo anatha, koma kudya anasiya. Phala ankangoliyang'ana. Lamba anachita kuboola kawiri. Tsiku lina ndikuwachotsera mbale anati, "Iwe Tiyamike, chigumu chija ankaphika amako, chansinjiro, sungachithe?"

Ndinayamba ndi mtedza wogula pamsika, waung'ono wofiira uja. Abambo ananyema kachidutswa ka chigumucho, n'kubweza. Akuti ukuwawa chuku. Sananame, ogulitsa ena amauwaza madzi kuti uswedwe msanga, ndiye umaola m'kati. Ndinakwera pampando n'kutsitsa thumba lanu.

Yohane anandipeza ndikuswa pakhonde. "Achemwali, imeneyotu ndi mbewu ya amayi. Mukaimaliza tikaipeza kuti? Kuno palibenso amene amadzala umenewu." Ndinamuuza kuti ndingotengako theka.

Thekalo ndinaliwononga, Amayi, ndisakubiseni. Ndinathira wonse mumtondo nthawi imodzi n'kumasinja ndi mphamvu zonse, maganizo ali kwina. Pomwe ndimayang'ana, mafuta anali atatuluka, ufa wasanduka chiponde. Ndinamva mawu anu aja: "Iwe, ukusinja ngati wayambana ndi munthu. Sefa kaye!" Zaka zonsezo ndinkangoti mukulongolola. Chiponde anadya ana a Yohane ndi mbatata, anasangalala ndithu.

Theka lotsalalo ndinaliyang'ana masiku awiri. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumalire uko, anthu akumaliza mizere. Abambo anali atasiya ngakhale kutuluka panja.

Ulendo wachiwiri ndinachita monga munkachitira. Ndinasankha palichero, kutaya wofota ndi wakuda. Ndinauyanika padzuwa m'mawa wonse mpaka khungu likusupuka ndi chala. Mumtondo ndinkathira manja awiri okha, ndi kamgaiwa pang'ono koti kamwe mafuta. Kusinja pang'ono, kusefa, zotsala pa sefa kubwezera mumtondo. Ufa unatuluka wosalala, wosagwirana. Ndinasakaniza ndi mgaiwa muyezo wofanana, nthochi zakupsa, soda ndi mchere, n'kuphika mumphika wanu wopanda chogwirira uja, makala pansi ndi pa chivundikiro.

Abambo anadya chidutswa chimodzi. Kenako anati, "Mchere wachepa. Amako sankaumira mchere." Atatero anatambasula dzanja kuti ndiwapatse china. Ndinapita kuseri kwa khitchini kukalira pang'ono, ndinabwerako tiyi asanazizire.

Ufawo unakwana zigumu zinayi, sabata ziwiri. Pofika chachitatu anali atayamba kulandira phala, pano akudya chilichonse ndipo ayambiranso kukangana ndi Yohane za feteleza.

Mvula inagwa pa 20 Novembala. Munda wanu wakumunsi ndadzalamo mtedza wogula. Wamera bwino, koma si wanu. Chalimbana chanu chatha, palibe ngakhale njere imodzi, ndipo ndine ndinachimaliza. Yohane sanandiyankhule sabata yathunthu. Dzulo anabwera ndi khasu kudzandithandiza kupalira, nkhaniyo sanaitchule.

Ngati ndinalakwa mudzandikalipira ndikadzafika. Koma amuna anu musawayembekezere chaka chino, ndikuwasunga kuno.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike