Atiuza Tibise Malungo Kuti Chigayo Chibwere

Aphungu,

Mutu wanga wazungulira. Ndimalima mpunga ku Bwanje, ndipo tamva kuti wabizinesi wina akufuna kumanga chigayo cha mpunga kuno. Tasangalala, poti tatopa n'kugulitsa mpunga wosapuntha kwa mavenda pamtengo wolira.

Vuto labwera ndi a Thokozile, alangizi a zaumoyo. Masiku ano akuyenda ndi tabuleti, chifoni chachikulu cholemberamo, khomo ndi khomo, kufunsa amene anadwala malungo komanso mwezi umene anadwala. Akuti zimenezi zitukula dera lathu. Kutukula bwanji? Kuwerenga odwala kumalemeretsa ndani?

Atcheya a kalabu yathu ya alimi, a Silvester, alamula kuti tonse tiyankhe kuti kuno kulibe matenda. Anati, "Katabuleti kaja kamafika kutali. Wachigayo akamva kuti kuno ndi malungo okhaokha, ndalama zake akaponya kwina."

Komatu amuna anga anagona ndi malungo nthawi yowokera, mbande n'kukalambira pa nazale. Kuchipatala mankhwala anali atatha. Tinakolola theka. Alangiziwo afika pakhomo panga sabata ino. Ndikanena zoona, anzanga anditcha wothawitsa chigayo. Kunama nako mtima ukukana. Nditani?

M.K., Ntcheu

Mayi M.K.,

Atcheya anu amalikonda dera lawo, koma apa aphonya. Manambala amene alangizi akutolera ndi omwe amathandiza achipatala kudziwa kumene kukufunika mankhwala ndi maneti, komanso mwezi woti zifike. Mukati kwanu kulibe malungo, adzakukhulupirirani. Mankhwala adzapita kwa amene ananena zoona, inu n'kutsala ndi mbiri yabwino komanso amuna onjenjemera pamphasa.

Chitukuko chimene mukuchifunsacho n'chomwechi. Mankhwala akafika nthawi yake, munthu amadzuka msanga, mbande zimawokeredwa zikadali zanthete, zokolola n'kuchuluka. Wachigayo akufuna matumba odzaza, basi.

Alangiziwo akafika, muwafunse mosaopa kuti mayina anu amawaona ndani ndipo amathera kuti. Ndi ufulu wanu kudziwa. Akakuyankhani, auzeni za amuna anu, mwezi wake ndi womwe. Muwapemphenso adzafotokoze okha pamsonkhano wa kalabu, kuti nkhaniyi isakhale yanu nokha.

Chenjezo langa ndi ili: musakawachititse manyazi atcheya pagulu, munthu wamkulu akachita manyazi amaumirira. Apezeni kumbali, muwafunse mwaulemu kuti nonse mukadzagona ndi malungo nthawi yowokera, chigayocho chidzapuntha chiyani.