Mwana Wodikira Minibasi

Kanakantapa, Chongwe
14 Ogasiti 2024

Okondedwa Amama,

Ndikhulupirira muli bwino ku Katete, inu ndi mwana wanga Towela. Ine ndili bwino m'thupi. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mawu amandithera pakhosi.

Munafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni, popeza jekeseni sindibaya. Ndimathandiza ana aang'ono amene mtima wawo wavulala, pamodzi ndi makolo awo. Mwana wa zaka zinayi sanganene kuti ali ndi chisoni, koma mukam'patsa zidole amakuonetsani. Ndiye kuno anditcha madamu wa zidole. Manesi akuchipatala amati ndimalipidwa chifukwa chosewera pamphasa. Ndimaseka nawo, nanga nditani? Pasabata ndimasenza zinsinsi za mabanja ambiri, koma Lamlungu palibe amagogoda pakhomo panga. Amaopa kuti anthu anganene kuti kwawo kuli wodwala mutu. Ndimasungulumwa, Amama.

Mwezi watha anandibweretsera mwana amene ndimutchule Lushomo, poti dzina lake lenileni sindiloledwa kuulula. Anasiya kulankhula ndipo chakudya ankangochitosa. Minibasi ikalira pamsewu ankathamangira komweko, n'kuima m'fumbi mpaka munthu womaliza atsike. Mayi ake anamwalira mu Meyi. Tsiku la maliro mwanayo anam'pititsa kwa achibale ku Palabana, ndipo atabwerako anamuuza kuti amayi apita ku Lusaka kukagulitsa tomato.

Ndinauza bambo ake kuti mwana akuyembekeza munthu amene sadzabwera, ndipo akuganiza kuti anam'thawa. Iwo anapukusa mutu. "Ba madamu, mwana mung'ono sangamvele za imfa. Tizamuuza akakula."

Masabata atatu ndinapalasa njinga kupita kwawo, mpaka anavomera. Tinakhala pakhonde, bamboyo anam'nyamula pamiyendo n'kumuuza kuti amayi anadwala, anamwalira, sadzabweranso. Kenako Lushomo anafunsa, mawu ake oyamba pa miyezi iwiri: "Kansi amami sananithawe?" Bambo wamkulu uja analira ngati mwana, mwanayo nayenso analira, ndipo madzulo ake anadya.

Pondiperekeza, bamboyo anandifunsa ngati ndili ndi ana. Ndinati mmodzi, wa zaka zitatu, ali kwa agogo ake.

"Nanga imwe pochoka munamuuza chani?"

Anafunsa mwaulemu, ngati munthu wofuna kuphunzira kwa katswiri. Ine ndinawerama n'kuyamba kukonza tcheni cha njinga chimene sichinaduke n'komwe.

Amama, mukukumbukira mmene ndinachokera mu Januwale. Munati, "Pita msanga asanakuone, angalire." Munam'tengera Towela kuseri kukaona anapiye, ine ndinanyamula chikwama n'kuzemba ngati mbala. Atandifuna munamuuza kuti ndapita kumsika. Sindikukuimbani mlandu. Ndi mmene tonse timachitira, ndipo munachita chifukwa cha chifundo. Koma ine ndinaphunzira zaka zinayi za zinthu zomwezi, ndinkadziwa bwino lomwe, komabe ndinazemba chifukwa ndinaopa misozi yake. Tsiku lililonse ndimauza makolo kuti mwana azimutsanzika, pamene wanga yemwe ndinam'siya akuwerenga anapiye.

Ndikaimba foni mumati akusewera, kapena netiweki yavuta. Sabata yatha ndinamumva, Amama. Anati, "Sinifuna." Musandibisirenso. Ndikuopa kuti ndikachedwa mwana wanga adzaleka kundidikira, ndipo ndidzakhala mlendo wobwera ndi mabisiketi.

Ndapempha tchuthi cha masiku atatu. Ndifika Lachisanu pa 23. Chonde muuzeni zoona: amayi ako sali kumsika, ali kuntchito kutali, akubwera Lachisanu ndipo Lolemba adzabwereranso. Tsiku lochokalo ndidzam'tsanzika ndekha, maso ndi maso. Alire ndithu, koma alirire m'manja mwanga.

Mundiperekere moni kwa amalume a Sanford ndi amayi a kwaya, muwauze kuti kuno ndimaimba ndekha pochapa. Towela yekha musam'patse moni wanga, ndibwera nawo ndekha. Ndipo ndikafika, akakana kundiyang'ana kapena akabisala kumbuyo kwanu, musam'kalipire kuti apatse moni amayi ake. Ndidzakhala pansi pabwalo ndi kumudikira. Nthawi ino wodikira ndikhale ine.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Dailes