Kuli Mwanza Wina

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Kuno ku Lisungwi tilipo. Mng'ono wanga Esinati anachira mwana wamkazi ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga chinapsa ndi dzuwa chisanamasule, atipulumutsa ndi manachesi. Anthu a ku Mozambiki anali ku Luwani aja ambiri abwerera kwawo, msika wazilala.

Koma chandilembetsa ndi Lute, mdzukulu wanu. Mayi wina wa geni amene ndinkakumana naye pa Zalewa anadzamupempha kuti akamulerere khanda ku Mwanza. Ndinavomera msanga chifukwa cha njalayi. Nanga Mwanza si pakhomo pomwepa, kumene munagonekedwa m'chipatala kuja? Paja dzinali munkalitchula monong'ona chipezekereni akuluakulu a boma aja atafa m'galimoto. Lero ndi matipate, wailesi ikungoti Mwanza, Mwanza, pokamba mlandu umenewo. Ndikamva ndimadzidzimuka, kuyesa akunena za mwana wanga.

Miyezi inadutsa, zii. Ndinapita kukamufuna, ndinazungulira msika, chipatala, mpaka pachipata cha malire. Palibe anamudziwa mayiyo. Anadzandiuza ndi a Yusufu a golosale ya pa Zalewa, kuti mwamuna wa mayiyo ndi dalaivala wa thiraki wa ku Tanzania, ndipo kwawoko kulinso Mwanza, mzinda waukulu wa m'mbali mwa nyanja, kupitirira Karonga kutali. Akuti kumeneko n'Chiswahili chokhachokha. Mayiyo sananame, Amayi. Iye ankanena Mwanza wake, ine ndinkamva wanga. Munkati safunsa anadya phula, ndiye ndalidya ndithu.

Bambo ake a Lute sakundilankhula. Ku polisi anangondifunsa keyala, ine ndilibe. Ndathedwa nzeru, mtima ukundiwawa. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu, sadziwa ngakhale kupempha madzi akumwa m'chilankhulo cha eni dzikolo.

Inu poti munatisiya kale, ndinu mzimu, simufuna pasipoti, pachipata sakuimitsani. Chonde tsogolani mukamuone. Mukamuuze kuti wina akamufunsa kwawo asadzayerekeze kunena kuti Mwanza, angamuyankhe kuti wafika kale. Anene kuti Malawi, ku Neno, ku Lisungwi.

Ine ndikukulonjezani kuti mvula isanagwe ndinyamuka, kaya pa thiraki kaya wapansi, ndipo sindibwerera ndekha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya