Mbewa za Achimwene

Lolemba, 12 Okutobala 1987

Kutentha. Ngakhale nkhuku zayasama kukamwa.

Achimwene anafika dzulo kuchokera kumudzi, ku Ntcheu. Ndinawatuma nsapato zanga zakuda zimene ndinasiya kwa amayi. Nsapato aiwala. Chimene akumbuka: mpani wa mbewa. Aupachika pakhonde, poonekera, pakati pa mudzi wa Asilamu okhaokha. Mphunzitsi wathunthu wa Sitandade 8, a Kingstone amenewo. Ati, “Aone, adziwe kuti kwathu kuli nyama.” Ana a sukulu kumadutsa atagwira mphuno. Ndawauza kuti chotsani. Aseka.

Asiatu wa kuseri kwa mpanda wandipatsira uchi m’kabotolo. Mwamuna wake, Che Sumani, wafula m’mawa uno mumlambe wa kuminda uja, pamene padutsa mawaya a magetsi. Ndamuona, diso limodzi lotupa ngati mandasi. Ndafunsa kuti bwanji kabotolo kakang’ono chonchi. Asiatu ati, “Iii chemwali, lalikulu lapita kwa Che Dinala. A tcheyamani salandira kabotolo.” Taseka.

Masana utsi kuminda. Wambiri.

Lachiwiri, 13 Okutobala

Moto sunagone. Wadya tchire lonse kuyambira kuminda mpaka kumsewu wa ku Nkhudzi. Chinangwa cha anthu, nkhokwe za kudimba, misasa, zonse phulusa. Mapolo a magetsi apserera m’tsinde, ena agwa, ena angotsamira ngati zidakwa. Mawaya pansi.

Chigayo chaima. Furiji ya kukachipatala yazima, anamwino akuthamanga ndi katemera kupita naye ku boma.

Tsono ine, ndi satifiketi yanga ya Fomu 4, ndagwira munsi. Matuza manja onse. Magetsi akewo m’nyumba muno sitinawaonepo n’kale lonse, amangodutsa pamwamba pathu ngati akhwangwala. Koma akazima, wosinja ndine.

Lachinayi, 15 Okutobala

Anthu a magetsi anabwera pa lole, nayang’ana, napukusa mitu. Mapolo atsopano alibe. Kapitawo wawo, a Simioni, ati akuluakulu adzafuna kudziwa chimene chinayambitsa. Napita.

Kenaka msonkhano wa chipani pabwalo la sukulu. Ayufi khomo ndi khomo, aliyense khadi m’manja. Che Dinala kulankhula mpaka thovu. Ati wotentha mapolo watentha chitukuko, ndipo wotentha chitukuko ndi chigawenga. Mawu amenewo munthu akangomumata nawo sabwerako msanga. Ena sabwerako n’komwe.

Wina anati moto wa Okutobala ndi wa osaka mbewa, paliponse zimatero. Ndiye Asiatu, Asiatu yemweyu amene ndinamusokera diresi la Idi, kuimirira ndi mimba yakeyo: “Ife mbewa ndi haramu. Muno amadya mbewa ndani?”

Mitu yonse kutembenukira kwa ife.

Ndinafuna nthaka ing’ambike, osati indimeze ine, immeze iyeyo.

Achimwene anayesa kufotokoza kuti zinabwera pa basi, zowamba kale. Anthu kuseka. Che Dinala ati Lachisanu la sabata yamawa akupita ku boma kumsonkhano wa chipani, dzina la wotentha akalipereka komweko.

Tafika kunyumba, mpani uli pomwepo, ukugwedezeka. Ndauponya m’chimbudzi. Achimwene ati, “Elsie, kapuku wabwinobwino uja!” Munthu ameneyu!

Loweruka, 17 Okutobala

Ahedi awauza achimwene kuti ayambe apuma kaye, asalowe m’kalasi mpaka nkhani ithe. Aphunzitsi anzawo akatiwona, mwadzidzidzi aliyense ali ndi kanthu kofunika kuyang’ana pansi.

Pachitsime ndafika, nkhani zathera pomwepo. Mwana wina wandiitana kuti anambewa. Ndamufunsa ngati bambo ake anamuphunzitsa china kupatula kukanda mphere. Amayi ake amva. Amve.

Ndapaka uchi uja pa chinangwa chophika, shuga anatha kalekale. Kuluma kamodzi. Fungo la utsi.

Utsi! Njuchi amazifula ndi chiyani, ndi pemphero? Muuni wa udzu. M’mawa wa Lolemba, mumlambe, pansi pa mawaya. Masana moto. Ndine chitsiru cha masiku angati? Ndipo Asiatu ankadziwa. Anaimirira pabwalo paja akudziwa.

Lamulungu, 18 Okutobala

Sindinapite kutchalitchi. Ndikanangokachimwirako.

Ndawauza achimwene kuti mawa ndikunena pagulu. Akana. Ati Che Sumani ali ndi ana, wina ali m’njira, akamutenga banja lonse latha. Ati, “Ine ndine mphunzitsi, akandifunsa bwinobwino adzandimasula.” Kufunsa bwinobwino! Amalume a mnzanga Janeth anawatenga chifukwa cha nthabwala ya pa bawo, mpaka lero akuwafunsabe bwinobwino.

Atsuka malaya awo onse, apinda, aika m’kachikwama. Akuganiza kuti sindinaone.

Ndinapita kumpanda, ndaitana. Asiatu watuluka, maso pansi. Ndinakonza mawu ambiri. Iye wangoti, “Chemwali, mukanakhala inu?” Ndamuyankha kuti ndikanakhala ine, ndikanakwatiwa ndi munthu wodziwa kuzimitsa muuni. Walira. Misozi yake ikathirire chinangwa chinapsa chija.

Lachitatu, 21 Okutobala

Palibe chatsopano. Kusinja, kupeta, kutentha. Parafini watsala wa m’botolo mwenimweni. Malipiro akaima tidzadya chiyani, sindikudziwa. Amayi sindinawadziwitse.

Ndinene pagulu, andimvera ndani? Mlendo, mkazi, wakudya mbewa. Mudzi wonse ndi pachibale ndi Che Sumani. Theka la iwo akudziwa kale, ndikutha kuona mmene akutipatsira moni waulemu wopitirira.

Achimwene sakudya. Akungokonza mafunso a mayeso a ana amene sakuwaphunzitsa.

Lachinayi, 22 Okutobala

Chizimalupsa. Chabwera mochedwa ngati basi, moto utamaliza kale ntchito yake.

Masana kunada bii. Chimphepo kuchokera kunyanja, fumbi la phulusa m’maso, m’kamwa, mu ufa wanga wosinja ndi matuza. Kenaka matalala, ziphaliwali. Malata a khitchini yathu anyamuka ndikuwaona, akatera m’munda mwa ahedi. Denga la Sitandade 3 lapita. Mapolo amene moto unasiya, mphepo yamaliza. Kuyambira kumsewu mpaka kuchigayo palibe loimirira. Opsa ndi osapsa, onse agona m’matope ofanana.

Che Sumani anabwera yekha ndi makwerero, wakhoma malata athu. Achimwene kumugwirira misomali, kumuthokoza! Ine madzi akumwa sindinamupatse.

Mawa Lachisanu.

Lachisanu, 23 Okutobala



Ndinavala chitenje cha chipani, ndakadikira pamsewu pokwerera basi. Che Dinala afika, jekete, kofia, chikwama m’khwapa, ayufi awiri pambuyo. Ndagwada mpaka pansi, m’matope momwemo, monga amafunira. Moni wonse, ana, amayi kunyumba, denga ngati lapulumuka.

Kenaka ndati ndimangofuna kudziwa ngati uchi unali wokoma. Wa Lolemba uja, wa mumlambe wa pamawaya. Ndati ife anatipatsa kabotolo chabe, koma ndinamva kuti lalikulu linapita kunyumba yoyenera. Ndati achimwene akakafunsidwa ku boma, inenso adzandifunsa, ndipo ine ndinaleredwa bwino, akulu akandifunsa sindisiyako kanthu. Ndi mabotolo omwe.

Ayufi kuyang’ana kumwamba ngati kukubwera ndege.

Nkhope ya Che Dinala! Ndikanakhala ndi kamera. Ati, “Mwanangu, uli ndi pakamwa.” Ndati zikomo, n’chimene moto watisiyira.

Basi yabwera, akwera. Sindikudziwa ngati ndawapulumutsa achimwene kapena ndawonjezera dzina langa. Ndasanza kuseri kwa mtengo. Kunyumba sindinanene.

Lolemba, 26 Okutobala

Lole ya magetsi yabweranso, ulendo uno ndi mapolo. Che Dinala kuyenda ndi a Simioni mzere wonse, kuloza ndi ndodo, mawu okweza kuti aliyense amve: mphepo, mphenzi, chifuniro cha Mulungu. Za moto ati unachokera kuphiri, mwini wake sadziwika. A Simioni anayang’ana tsinde lakuda la polo lina nthawi yaitali. Nayang’ana dzuwa, nayang’ana maenje onse oti akumbe. Ati, “Mphepo ndiye inalikodi.”

Ahedi atuma mwana kuti aphunzitsi abwerere m’kalasi. Achimwene apasula kachikwama kaja akuimba nyimbo ya kwaya. Ati, “Waona, Elsie? Choonadi chimadziyendera chokha.” Ndinali ndi munsi m’manja. Mulungu yekha ndiye anaugwira.

Chigayo akuti mwina mwezi wamawa. Mwina.

Lachiwiri, 27 Okutobala

Ndatsegula chitseko m’mawa, pakhonde botolo la uchi. Lalikulu ulendo uno. Pansi pa msomali womwe uja panali mpani.

Asiatu ali kumpanda, akuyanika zovala zouma kale. Wandipatsa moni. Wabwerezanso. Ndasesa khonde lonse mozungulira botolo lakelo, osalikhudza.

Akuganiza kuti ndine Che Dinala?

Masana lili pomwepo. Achimwene anafuna kulitenga, ndawayang’ana, alisiya.

Tsopano nyerere zalipeza, mzere kuchokera kumpanda mpaka pakhomo. Ndalilowetsa. Chifukwa cha nyerere basi. Asaganize zina.