Kumbuyo kwa aPadirinyu

Lolemba, 9 Junyu

Chisanu chagwa kudimba. Masamba a nyemba bii, ngati wina wawawaula. Kachewere wa mbewu ya ku asosiyasau, gulu lathu la alimi, wayambanso kufota, mizere yonse yakumunsi. Ndazula tsinde limodzi, kudula mbatata pakati, m'kati mafinya okhaokha. Ndangokhala pansi pamzere pomwepo.

Si ine ndekha. Kwa mnzanga Célia chimodzimodzi. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, koma aliyense watseka pakamwa. ADamiano, apulezidenti athu, ndiwo amasankha mbewu yosunga, okhaokha, monga achitira chiyambire gulu lathu. Maso awo adachita ng'ala. Masiku ano amasankha ndi zala. Nthenda ya m'kati zala zingaione bwanji?

Tsono anthu akewo ndi apadirinyu anga. Adandinyamula pa ubatizo ku Fonte Boa. Bambo a ana atamwalira, ndi iwowo adandilowetsa m'gulu, n'kundipatsa mbewu yoyamba osandifunsa kanthu. Ndimawakonda. Vuto lake ndi limenelo.

Lachinayi, 12 Junyu

Célia watuluka m'gulu, pamodzi ndi achinyamata ena. Akuti azikagula mbewu ku Ulongwe, aliyense payekha. Anandipeza pachitsime: "Iwe Rosita, ukudikira chiyani m'nyumba yodontha?" Ndamuyankha kuti yodontha amafolera. Waseka mpaka ndowa kutayika. Zandiwawa, poti mwina akunena zoona.

Koma tikatuluka tonse okhala ndi pakamwa, atsala ndani? Okalamba ndi amasiye, osatha kukwera shapa, timinibasi tija, kukasaka mbewu kutauni. Azibzala zowolazo mpaka liti? Wotuluka alibe mawu pamsonkhano, amangonyinyirika kumsika. Ine sindichoka. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Feteleza wakweranso. Nkhuku ya mawanga yaswa.

Lamulungu, 22 Junyu

Titatuluka m'tchalitchi ndinawaperekeza. Ndimafuna ndiwauze ndekha, asamvere kwa anthu. Njira yonse agwira mkono wanga, ati bondo likuvuta. Bondo! Ankandisimbira za chaka chomwe adaumba njerwa za nyumba yathu ya mbewu, anthu akuwaseka kuti akumanga khola la makoswe. Anaseka okha. Nanenso ndinaseka.

Pamlatho ndinalimba mtima. Ndinawauza kuti ndikapempha chisankho, kuti apumeko. Anasiya mkono wanga. "Nawenso?" Basi, mawu ake omwewo. Ananyamuka okha, ndodo ikufufuza njira. Ndinawatsatira chapatali mpaka atalowa pakhomo pawo.

Sindinadye.

Lachiwiri, 1 Julyu

Msonkhano. Ndaimirira. Ndanena za kufota, za anzathu otuluka, ndi kuti malamulo athu omwe amati utsogoleri uzisinthana. Za maso sindinatchule, ndipo sindidzatchula. Wina kumbuyo: "Mwana wa ubatizo ameneyo, manyazi alibe!" Ena nkhope pansi, ngati si iwo amadandaula kudimba.

Kenako aPadirinyu avomera okha, chisankho Loweruka la sabata yamawa. Apikisana ndi Patrisio, wa dimba lakumtsinje. Kuyankhula amachita ngati mawu ngogula, koma mbewu amaidziwa, ndipo sachita manyazi kufunsa anzake.

Pobwerera palibe anayenda nane. Walira mvula walira matope.

Lachisanu, 11 Julyu

Masiku onsewa khomo ndi khomo, zidendene zang'ambika. Ambiri akuvomera, koma monong'ona. Chowaopsa ndi kavotedwe kathu. Opikisana amaima kutsogolo atatipatsa msana, ife n'kukandanda kumbuyo kwa amene tamufuna, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukupenya. Aliyense akuopa kukhala woyamba. Ndawauza kuti tikachuluka palibe adzalozedwe chala. Ena ndawanyengerera, ena ndawakalipira ndithu. Pakamwa pangapa!

Célia wabwera ndi mtedza wokazinga. Ati m'gulu sabwerera, koma mawa adzaonerera ndikunyozeka. Kenako wandisisita mapazi ndi mafuta. Mtsikana ameneyu.

Ndadutsira kwa aPadirinyu ndi mtolo wa nkhuni, kukuzizira. Ndautula pakhonde. Anamva. Sanaitane.

Loweruka, 12 Julyu

Zatheka. Patrisio wapambana. Akuti Lolemba tikhuthula mbewu yonse pabwalo, tisankhe pamodzi, masana, yokayikitsa tizidula ndi mpeni. Ndi zimene ndinkafuna. Ndiyenera kusangalala.

Kunali mphepo. Anaima awiri kutsogolo kwa nyumba ya mbewu, misana kwa ife. APadirinyu mu kazako wawo, jekete la kutchalitchi, lositidwa bwino. Anthu anayamba kusuntha, mmodzi, wina, kenako onse ngati nkhosa, kulowera kwa Patrisio. Ngakhale aja ankanditukwana. Ine ndinali ndi chikhulupiriro kuti ena atsala kwa iwo, anzawo akale, abale awo, kuti agonje ngati munthu wamkulu. Ayi ndithu. Kumbuyo kwawo fumbi lokhalokha. Iwo chiimire, khosi chilili, akumvetsera mapazi onse akupita kwina.

Ntchito ndinaigwira mopitiriza. Ndinkafuna asiye mpando, osati aime okha pabwalo ngati wogwidwa ufiti.

Miyendo inanditenga yokha. Ndinachoka pamzere wa Patrisio, kudutsa bwalo lonse anthu akundiyang'ana, n'kukaima kumbuyo kwawo. Sanacheuke, lamulo silola. Anangopendeketsa mutu pang'ono, n'kunena motsitsa: "Rosita, mzere wako si uno. Pita, mwana wanga, usawononge zomwe wavutikira."

Sindinapite. Wowerenga anafika, kutiyang'ana, nati, "Mmodzi."

Msana wawo unayamba kugwedezeka. Kaya kunali kuseka kaya kulira, sindikudziwa. Ndinali kumbuyo.