Musamulole Mzime Akwere Basi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi, mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ndikudzuka, koma mtima suli m'malo. Ndalemba dala m'malo moimba, chifukwa pa foni ndikanangolira, inu n'kumati netiweki yavuta.

Nkhani ndi ya mzime wathu. Ndamva kuti wayamba kulongedza, akuti akubwera kudzagwira ntchito kusitolo kwathu kuno. Anamuimbira ndi mnzanga wa pakauntala, amene anatenga nambala yake m'foni mwanga. Mwanayo sindikumunena, amangoona yunifomu. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kutsogolo kwa sitoloyi ndi magalasi okhaokha, mafiliji ndi mawailesi mbee, ndipo wobwera kudzagula amapatsidwa mpando. Yemweyo akabwerera ndi katundu wowonongeka amamulozera kuseri, pakawindo koyandikana ndi chimbudzi, popanda ngakhale benchi. Pakawindo pamenepo ndi pamene ndimakhala ine. Lamulo lake ndi loti usavomere kuti katundu ndi woipa, usaulule kuti bwana alipo, uzingomuuza munthu abwere mawa mpaka atope yekha. Bwanayo tinachita kumupatsa dzina loti Mawamawa.

Mayi wina wogulitsa nyama filiji inamufera sabata yomwe anaigula. Anayenda mpaka nsapato kutha. Tsiku lina anabwera ndi beseni la nyama yowola n'kuliika pakawindo. Sanatukwane ayi, anangondifunsa ngati mayi anga ali moyo, ndiponso ngati amadziwa ntchito imene ndimagwira. Ine ndinamuyankha kuti abwere mawa, poti bwana anali kuseri kwa chitseko akumvetsera. Mpaka lero nyama sindikuidya.

Mbiri yathu yawanda tawuni yonse. M'minibasi ndimavala juzi pamwamba pa yunifomu ngakhale dzuwa likuswa mtengo, kuopa kulozedwa chala. Tsidya la msewu kuli sitolo ina kumene katundu akavuta amakutumizira mmisiri kunyumba, ndipo anthu amalimbirana kukagwira ntchito kumeneko. Mtsikana wina wa m'sitolo mwathu muno anakayesa mwayi. Atangomva kumene akuchokera, anamuuza kuti alibe nthawi yophunzitsa munthu kuiwala bodza.

Musaganize kuti wonamiza ogula amanena zoona kwa antchito ake. Mlonda wathu anaphwanyika zala potsitsa katundu m'lole. Atabwera kudzapempha thandizo la kuchipatala, anamutumiza pakawindo komweko, pamzere umodzi ndi ogula. Bambo wamkulu amene amandipatsa moni m'mawa uliwonse, dzanja lili m'nsanza, ine n'kumuuza abwere mawa. Sanabwerenso.

Antchito akuthawa mmodzimmodzi. Chikwangwani chofuna anthu atsopano chasuluka ndi dzuwa pakhomo, wobwera palibe. Ndiye a Mawamawa alamula kuti aliyense abweretse m'bale wake wochokera kumudzi, amene sanamve mbiri ya sitoloyi, ndipo wolephera asayembekezere kuti kontirakiti yake iwonjezedwa mwezi ukatha. N'chifukwa chake mnzanga uja anathamangira mzime, pofuna kupulumutsa pakamwa pa ana ake. Ndinamukwiyira, koma ndikumumvetsa.

Pempho langa ndi limodzi, achimwene. Musamulole akwere basi. Ine sangandimvere, adzati nsanje, ndikufuna kudya ndekha. Inu amakuopani. Mukhale naye pansi, mumuwerengere kalatayi yonse osadumpha pena. Apitirize kuphunzira kusoka kuja, ngakhale akuti n'kotopetsa.

Dzulo bwana anandiitana mu ofesi kundifunsa kuti ine ndibweretsa ndani. Ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ndilibe mng'ono, ndinabadwa ndekha wamkazi. Pa mabodza onse amene ndanena m'sitolo muno, limeneli lokha ndi limene sindinachite nalo manyazi. Anangoti chabwino, tionana pakutha kwa mwezi. Choncho mukaona ndatulukira ndi chikwama, musandifunse mafunso pamaso pa mayi.

Mundiperekere moni kwa mayi, alamu, azakhali ndi ana onse. Mzime mumuuze kuti akhoza kundikwiyira mmene angafunire, bola andikwiyire ali kunyumba.

Ndatha ine mlongo wanu,
amake Mapasa